Tsiku Limene Ndinakacheza ndi Abale Anga a ku Yorkshire

Ku Oakville, tauni ina kuno kutsidya kwa nyanja, kuli nyumba ina imene sindingadutsenso pakhomo pake, ngakhale mutandilonjeza ntchito yaubwana. Sikuti anandithamangitsa ayi. Akanandithamangitsa bwenzi mtima utapola kale. Anandiperekeza mwaulemu mpaka pageti, keke atandikulungira, ndipo ulemu umenewo ndi umene ukundiwawa mpaka lero.

Dzina la makolo anga ndi Barker. Inde, munthu wa ku Chiradzulu, wakuda ngati kumbuyo kwa m'phika, koma Barker. Ndili mwana sindinkaliganizira. Kwathu kuli a Wilson, a James ndi a Sitolo, palibe amene amafunsa. Mavuto anayamba mu 2004, nditapeza ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Oakville. M'mawa uliwonse ndinkachoka ku North York, kumene tinkakhala, pabasi, n'kukwera sitima yapansi, n'kukweranso ina.

Kumeneko kunali gogo wina wachizungu, mayi Barker. Ataona dzina pachifuwa panga anandigwira dzanja.

"Iwenso ndiwe Barker? Ukudziwa tanthauzo lake?"

Ndinati sindikudziwa. Anandifotokozera kuti kalekale ku Mangalande a Barker anali ofufuta zikopa, ankazinyika m'madzi a makungwa a mitengo, ndipo dzinalo linachokera pa mawu a Chingelezi otanthauza khungwa. Ena amati linachokera pa mawu akale otanthauza mbusa. Anati kumpoto, makamaka ku Yorkshire kwawo kwa amuna awo, ukaponya mwala umagwera Barker. Kenako anandiyang'ana bwinobwino.

"Mwina mmodzi wa ife anafika kwanu."

Munthu wanzeru akanaseka n'kupitiriza kuyala bedi. Ine ndinakumbukira azakhali anga, mlongo wa bambo, amene ali oyera khungu kuposa tonse m'banjamo. Ndinakumbukiranso kuti agogo ankagwira ntchito kuminda ya tiyi ku Thyolo, kumene kunali azungu. Pofika pasiteshoni madzulo ake ndinali nditamaliza kafukufuku: m'mitsempha mwanga mumayenda magazi a ku Yorkshire (ochepa, koma ankamveka ndithu).

Loweruka lake ndinapeza kasitolo kena kogulitsa zizindikiro za mabanja. Umatchula dzina, iwo n'kukusindikizira chishango chokhala ndi nyama zolusa ndi mbiri yake pansi. Ndinagula chachikulu, cha felemu yagolide, n'kuchikoloweka pabalaza pamene panali chithunzi cha ukwati wathu. Mayi a kunyumba, a Nambewe, anaima n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ife mwatichotsa?"

"Ndangokusunthirani kukhonde la kuchipinda. Awa ndi makolo."

"Bambo a Chisomo, makolo anu ndinawaona ine. Analibe chishango."

Sindinawamvere. Ndinayamba kumwa tiyi masana. Pamsonkhano wa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ndinkati ndikapeza mpata ndimayambitsa nkhani ya zikopa. Che Amidu, mkulu wa ku Mangochi amene ankagulitsa magalimoto, anandifunsa ngati ndidzapite kukatenga chuma cha makolo. Ndinayankha kuti zimenezo tikuzionabe. Choipitsitsa n'chakuti mwana wathu Chisomo, wobadwira konkuno, anatenga chishangocho kupita nacho kusukulu tsiku lofotokoza za makolo, n'kuuza kalasi yonse kuti iye ndi Mmalawi komanso Mngelezi pang'ono. Anabwera atapambana. Ine ndinatsala pang'ono kulira.

Chilimwe chitafika, mwana wa gogo uja, bambo wina wamtali dzina lake Graham, anandiitana kuphwando la a Barker onse kunyumba kwake. Anati akulemba mbiri ya banja ndipo nthambi ya ku Africa ndi imene sankaidziwa. Ndinabwereka jekete kwa Che Amidu. A Nambewe anakana kupita, koma nditawachonderera anavomera, amvekere, "Ndikupita kuti ndikakunyamuleni pobwera."

Chisomo tinamutenganso. Anatilandira bwino zedi. Panali a Barker ochokera kutali, ena atanyamula zithunzi za makolo a ndevu. Ananditcha msuweni. Mayi wina anati mphuno yanga ikufanana ndi ya malemu amalume ake (sinkafanana, ndinachiona chithunzicho). Nditakhuta nyama ndi ulemu, ndinafotokoza za agogo a ku Thyolo, n'kuwonjezerapo mzungu wina wokwera kavalo amene sindikudziwa kumene ndinamutenga.

Graham anafunsa ngati alipo wamkulu kumudzi amene angadziwe dzina loyamba la mzunguyo. Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje ndekha. Ndinatulutsa khadi yoimbira kunja n'kunena kuti tiwaimbire azakhali pompano. A Nambewe anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ine ndinasuntha phazilo.

Foni ya kumudziko inali ya aphunzitsi oyandikana ndi azakhali, ndiye tinadikira kuti akawaitane. Graham anakweza mawu a foni yake kuti onse azimva. Anthu anasonkhana, mbale zili m'manja.

"Azakhali, ndine. Ndili ndi abale athu achizungu kuno. Akufuna adziwe za mzungu uja amene anatisiyira dzina la Barker."

"Mzungu wake uti?"

"Wa ku Thyolo uja. Amene inu munatengera khungu."

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. "Khungu langali? Mwanawe, amenewa anali mafuta a ku Joni amene ankandibweretsera malemu amuna anga. Panopa ndinada ngati iwe."

Ndinamwetulira azungu aja ngati nkhani ikuyenda bwino.

"Nanga dzinalo?"

"Bambo ako sanakuuze? Agogo ako anali a Yohane, aafupi, miyendo ya matewe. Akamayenda ankapendekera uku ndi uku, ndiye mudzi wonse unkawatcha Bakha. Atapita kukalembedwa ntchito ya tiyi, kalaliki anafunsa dzina, anzawo pamzere n'kuyankha kuti Bakha. Kalalikiyo analemba mmene anamvera. Ife ndife a Bakha, mwanawe. Bakha weniweni wa pathamanda."

Ndinathokoza n'kudula foni. Ndinali ndi mwayi umodzi wokha: pamalopo amene ankamva Chichewa tinali awiri, ine ndi a Nambewe, ndipo iwo anali atabisa nkhope m'kansalu kopukutira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinakonza kukhosi kuti ndinene kuti azakhali akalamba, sakukumbukira bwino.

Ndinali nditaiwala Chisomo. Mwana ameneyu ukamutuma madzi m'Chichewa amakuyang'ana ngati walankhula Chitchaina. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji amayankha m'Chingelezi. Zaka zonse ndinkadandaula kuti chinenero chathu chafera mwa iye. Tsiku limenelo chinauka.

"Dadi, bakha si kambalame kamene kamasambira kaja?"

Kenako anatembenukira kwa Graham n'kumasulira zonse, mawu ndi mawu, mpaka mafuta a ku Joni. Pa matewe pokha m'pamene anakakamira, ndiye anaimirira n'kuwasonyeza.

Palibe anaseka. Anthu a kuno saseka munthu pamaso, ndipo chimenecho n'chilango choposa. Mayi wa mphuno uja anati ndi nkhani yokoma kwambiri. Graham anatseka cholembera chake pang'onopang'ono. Gogo Barker okha, ali pampando wawo wamatayala, ndi amene anafunsa mokweza kuti, "Ndiye si wathu?" Wina anathamangira kukadula keke.

Musitima pobwerera Chisomo analira. Anati akawauza chiyani anzake kusukulu. Ine ndinangoyang'ana nyumba za anthu zikudutsa pawindo. Lolemba ndinapempha kuti andisamutsire mbali ina ya nyumba ya okalamba ija. Nkhani inafika kwa Amalawi sabata isanathe (a Nambewe amalumbira kuti si iwo). Pobweza jekete, Che Amidu anandilandira ndi ulemu wonse, n'kundifunsa ngati ndimwe tiyi kapena andithirire madzi m'beseni. Mpaka pano ndikalowa pamsonkhano, kumbuyo kumamveka kamawu kotsika, kwaa, kwaa, ndipo ukatembenuka aliyense ali kalikiliki ndi mbale yake.

Patapita masiku ndinawafunsa a Nambewe ngati ankadziwa kale za dzinali. Anati ayi, palibe amene anawauzapo.

"Komabe sindinadabwe," anatero akupinda zovala. "Tsiku loyamba lija, mukubwera kudzandifunsira pabwalo la tchalitchi ku Limbe, mnzanga anandikodola kuti, taona uyo akubwerayo akuyenda ngati chiyani."

Ndinanyamuka kuti ndituluke m'chipindamo mwaulemu wanga. Ndinayesetsa kuwongola miyendo, koma ndisanafike n'pakhomo pomwe ndinawamva akuseka.