Mpamba Wapita Kokavina

Lolemba

Ndabwerako ku Zomba! Kosi ya ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono yatha, mutu wadzaza mpaka m'makutu. Tsopano ndine mlangizi wa amayi wodziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Anthu a kuno ku Nkhudzi sakudziwa mwayi umene wawagwera.

Chatsala ndi mayeso: kuyambitsa gulu, kulibwereketsa mpamba, kenaka aphunzitsi athu a Nkhoma abwere Loweruka kudzaona. Ndikakhoza, satifiketi ndi kusamutsidwira ku boma. Nyumba ya magetsi! Madzi a pampopi! Kudyetsa udzudzu wa kuno magazi a ku Ntcheu kwandikwana.

Mpamba wa ku ofesi akuti uli m'njira. Cheke chikudikira bwana kuti asaine, bwana ali ku maliro, malirowo ali ku Chitipa. Choncho ndabwereka ndalama zimene amuna anga, bambo a Tiya, akhala akusungira njinga. Mphunzitsi wa pulayimale safa ndi kuyenda wapansi sabata imodzi. Akufunsa, "Zibwera liti?" Ndati zibwera zitabereka mwana.

Zoti ndikumbukire:
mpamba si ndiwo
wachibale si kasitomala
kupempha choko kusukulu
osakwiya

Lachiwiri

Ndaitana amayi asanu ndi mmodzi oyanika usipa. Kwabwera mudzi wonse. Ena ndi madengu, poti amva kuti boma likugawa.

Ndikuyamba ndi mbiri ya mabanki. Abiti Saidi, mtsogoleri wa amayi a kumathandala oyanikira nsomba, akweza dzanja: "Mbiya, ndalamazo, zili kuti, amayi?" Mbiri ya mabanki yafera pomwepo.

Pa chiwongoladzanja zavuta. Ndajambula bwinobwino pa bolodi, mivi ndi mizere. Abiti Saidi akupukusa mutu. "Imeneyo ndi riba, katapira woletsedwa m'Chisilamu. Haramu. Ashehe akamva tikayankha chiyani?" Ine wophunzira ndaganiza msanga: tisachitche chiwongoladzanja, tichitche zikomo. Onse avomera mokondwa. Akuti zikomo adzanena ndithu, mmodzimmodzi, ngakhale kawiri. Basi, ndalama za njinga sizibereka.

Chikole: wina wabweretsa mphika wobooka. Wina akuti, "Tengani amuna anga, ndikalephera kubweza musawabweze." Buku la kosi silinena mtengo wa mwamuna wogona masana.

Komabe gulu lilipo! Dzina lake Tiyesenawo. Wapampando, mlembi, msungichuma, onse tasankha. Ndagona ngati bwana wa banki.

Lachitatu

M'mamawa, a Tcheyamani a nthambi ya chipani pakhomo, ndi anyamata awiri a malaya ofiira.

"Ndamva kuti m'mudzi muno mwabadwa wapampando wina. Mlembi. Msungichuma. Yatsala ndi mbendera?"

Ndikufotokoza kuti ndi za usipa chabe. Akuti onse amayamba ndi usipa.

Kuti zioneke kuti ndife anthu okhulupirika, makadi a chipani a chaka chino. Aliyense. Makanda akumsana nawonso. Abiti Saidi ali ndi pakati, ndiye agule awiri, ndipo anyamatawo ayang'anitsitsa mimbayo nthawi yaitali kuopa kuti mwina ndi mapasa. Ndalama zake zichoke kuti? M'thumba la gulu, nanga si gulu la chitukuko?

Pamwamba pa zonsezi a Tcheyamani adzipereka kukhala mlangizi wathu wamkulu, mwaulere. Mtima wabwino wotere suukana. Oukana amakagona kwina, ndipo abale awo safunsa kuti kuti.

Ndatsegula buku pa mutu wakuti "Zoopsa pa bizinesi": moto, akuba, mvula, chiswe. Wolemba bukuli sanafikeko kuno.

Lachinayi

Mwera! Mphepo ikuomba chiyambire dzulo, mabwato onse ali pamchenga. Limodzi lokha ndilo linalimba mtima, ndipo mwini wake akugulitsa usipa pa mtengo wa chambo. Tonse tikudziwa kuti kugula lero ndi misala. Koma a Nkhoma adzaona chiyani Loweruka, nkhope zathu? Tagula ndi mpamba wonse wotsala.

Tayanika. Usipa uli waliwali pa mathandala, amayi akuseka, wina akunena kale za yunifolomu ya mwana wake. Misozi yalengeza m'maso mwanga. Bizinesi ndi imeneyi!

Masana, lole. Amayi onse akwere, akaphunzire magule ku boma, chikondwerero chayandikira. Ndikuti ine ndili pa mayeso. Mnyamata wa malaya ofiira akufunsa, "Inu si mayi?" Ndine mayi. Ndakwera.

Za usipa a Tcheyamani akuti tisade nkhawa, aulondera okha. Akutibayibitsa ataimirira pakati pa mathandala. Kodi anthu odzipereka chonchi akadalipo?

Lachisanu

Tagona m'kalasi, pa simenti. Kuvina kuyambira m'mawa. Nyimbo yake ikuti kale tinali amphawi, lero tili pa mwanaalirenji. Ndikuyimba mokweza kuposa onse, ndili ndi khadi latsopano.

Abiti Saidi akuvina ndi mapazi otupa. Apempha kuti akaswali, ayankhidwa kuti mzere ukawongoka. Mzere sunawongoke. Pa mzere wa phala ndayesa kuwakumbutsa amayi a gulu langa za ubwino wosunga ndalama. Andiyang'ana, ndasiya.

Tabwerera madzulo. Mathandala mbee! Ngakhale mamba.

Akuti kunabwera alendo aakulu a chipani ochokera kuchigawo, ndipo alendo sabwerera chimanjamanja. Usipa wapita ngati mphatso, m'dzina la gulu la Tiyesenawo. Dzina lathu analitchula pa msonkhano, anthu anawomba m'manja. "Mwatchuka, amayi!" akutero a Tcheyamani, milomo ili noninoni.

Ndagwada, ndathokoza. Amayi agwada, athokoza. Wa yunifolomu uja walowa kuseri kwa nyumba.

Kunyumba bambo a Tiya angokhala pakhonde kuyang'ana zidendene za nsapato zawo.

Loweruka

A Nkhoma afika pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Azungulira mathandala. Anunkhiza. Fungo lilipo, ndiwo umboni wokha umene tili nawo.

Afunsa kuti katundu ali kuti. Ndisanatsegule pakamwa a Tcheyamani afotokoza zonse, anyamata aja ataima kumbuyo kwawo. Pomaliza afunsa, "Kodi buku lanulo likuti kupereka mphatso kwa atsogoleri ndi kuluza?"

"Ayi, ayi, bwana," akutero a Nkhoma. "Ndi kubzala."

Alemba: gulu lokhwima, lokonda dziko lake. Ndakhoza! Ndakhoza bwino kwambiri!

Poliza njinga andinong'oneza: "Musadandaule, mayi. Magulu onse amene ndayendera akhoza chimodzimodzi. La ku Namwera linali la nkhuku."

Ndafunsa za ku boma. Akanda m'mutu. Akuti a Tcheyamani apempha kuti gulu labwino chotere lisasiyidwe lamasiye, ndipo a Nkhomawo alemba kale kuti ndikhale konkuno. Ndalandira mphotho yanga.

Lamulungu

Kutchalitchi, ulaliki wa matalente. Abusa akumukalipira kapolo uja amene anakwirira ndalama zake pansi. Ine ndikumusirira. Zake anazipeza zonse. Bambo a Tiya ayankha Amen mokweza mpaka akwaya atembenuka.

Masana kwabwera Abiti Saidi, akuyenda pang'onopang'ono, atanyamula kambale ka utaka kochokera pa ndiwo zawo. "Ngongole ndi ngongole, amayi. Mwera ukaleka tidzabweza pang'onopang'ono, inshaallah. Koma musatiphunzitsenso." Usipa si iwo anaudya, makadi sanapemphe, koma ngongole akuti ndi yawo. Ndalandira kambaleko ndi manja awiri.

Asanafike patali, amayi atatu a mudzi wa kutsidya kwa phiri pakhomo. Amva kuti Tiyesenawo yatchuka, nawonso akufuna gulu lawo. Atumidwa ndi tcheyamani wa kwawoko, ndipo wawapatsira mawu: iye usipa umamutsegula m'mimba, gululo lichite bizinesi ya chambo.

Ndawayalira mphasa. Ndawauza kuti adziwiretu, chambo chowamba ndicho chimafika bwino kuchigawo.