Mohito wa Mpungabwi pa Boda

Lolemba

Madalaivala onse ali kwa Esinati, tsidya la msewu. Chifukwa chake TV basi. Amuna a ndevu zawo, oyendetsa mathiraki kuchokera ku Beira, kukhala kukamwa yasa kuonera mpira ngati sanauonepo. Mu bala mwanga mwatsala ine ndi ntchentche. Zikapitirira chonchi nditseka, ndibwerere kwa Kanduku kukakumba mtedza. Sindikufuna.

A Joakimu, dalaivala yekhayo amene sananditaye, akuti ku Beira azungu amamwa chinthu chotchedwa mohito. "Mana," ndi momwe amanditchulira, "mukangopanga chimenechi, onse abwerera." Zofunika: ramu, mandimu, shuga, madzi a soda, ayisi, masamba a minti. Loweruka ndiyamba kugulitsa. Esinati aona.

Lachiwiri

Ramu wafika kuchokera ku Zobue m'chikwama cha a Joakimu, pa botolo atajambulapo sitima. Ndikufunsa kuti amapangira chiyani, akuti nzimbe. Nzimbe! Ndiye kuti ndi kachasu wovala taye. Azakhali anga akhala akutcheza zomwezi kuseri kwa khola moyo wawo wonse, palibe anawajambulirapo sitima pa botolo.

Mandimu ali mbwee, kuno ndi ku Mwanza. Koma a Joakimu akuti pafunika tating'ono tobiriwira, osati athuwa a khungu ngati la chule. Munthu wogona m'thiraki kuyamba kusankha mandimu.

Lachitatu

Minti kulibe. Ndazungulira msika wonse mpaka mapazi kutupa. Mayi wa tomato: "Minti? Maswiti aja?" Bambo wa zitsamba akufuna ayambe wadziwa chimene ndikudwala. Ndikumuonetsa chithunzi pa foni, akuti: "Uwu ndi mpungabwi. Pitani mukaone kuseri kwa chimbudzi chanu."

Ndaona. Masamba ndi ofanana ndithu, fungo nalo lilipo. Inde ndi womwe timafukiza pothamangitsa udzudzu, nanga ku Beira kulibe udzudzu? Azungu angousintha dzina kuti ukwere mtengo. Ndathyola wodzaza lichero.

Lachinayi

Magetsi azima chim'mawa, filiji yanga ikutuluka thukuta. Ayisi ndapempha kwa wogulitsa nsomba za karapau, wa jenereta uja.

Tambula yoyesera: shuga, ndimu, masamba, ramu, soda, ayisi. Kukoma kwake ngati nsomba yomwa mankhwala a chifuwa. A Joakimu alawa, misozi ikulengeza. Kenako akuti vuto ndi masamba, sanaphwanyike bwino. Ku Beira akuti ali ndi kamtengo kakekake kophwanyira. Kamtengo kochokera kunja, ine ndili ndi kamtondo kosinjira tsabola?

Lachisanu

Ndili pakhonde la bala masanasana, kamtondo pamiyendo, ndikusinja masamba. M'katimu mukutentha, ndikanakhala kuti?

Esinati wadutsa, wabwerera, waima. "Achemwali, mukusinjira ndani?" Ndamuyankha osadzutsa mutu: "Madalaivala. Akangolawa, kwanu sadzapondakonso."

Wangoti "Oho," ulendo. Nsanje yokhayokha. Pano ndikumuona akunong'ona ndi osintha ndalama, akuloza kuno ndi mlomo. Alengeze, andithandize kuitana anthu kwaulere.

Loweruka

Ndasesa, ndapukuta matambula, chitenje chatsopano m'chiuno. Madalaivala abwera ndithu, koma akhala chakukhomo ngati pa maliro a munthu wosamudziwa. Aliyense ndamuikira tambula yake. Onse maso pa masamba oyandama. Wogwira palibe.

Ndayamba kumwa ndine, monga achitira mwini mowa, kuchotsa ufiti. Mmodzi akuti: "Kondaine sagwira mwini wake." Wina: "Mayi, ine ndili ndi banja ku Balaka." Wachitatu, chapansipansi: "N'chifukwa chake a Joakimu sachoka pano."

A Joakimu ayang'ana tambula, ayang'ana ine, akumbukira ija analawa Lachinayi. Anyamuka osatsanzika. Eni ake nzeruyi! Pano ali kwa Esinati, akuwamwetsa mkaka kuti asanze. Enawo atsatira pambuyo. Amuna odutsa malire a mayiko ndi zimagalimoto zolemera, kuthawa tsamba la kuseri kwa chimbudzi.

Zandipweteka, sindinama. Bamboyu ndinkamusungira mpando wabwino. Matambula onse ndamwa ndekha, ramu satayidwa. Udzudzu sukundiyandikira.

Lamulungu

Mutu ukuwawa. Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga ndekha, mpata wokwana kugona. Ulaliki ndi wa akazi okhulupirira zitsamba, ndipo abusa khosi lawo lero lauma, likungoloza kwa ine.

Mu bala mulibe ngakhale ntchentche. Ndikulongedza matambula m'katoni. Mtedza wa kwa Kanduku ukundidikira.

Masana wina akugogoda ku khomo la kuseri. Ndi amayi otsogolera kwaya, omwe aja anasuntha nditakhala pansi m'mawa, mpango mpaka m'maso. "Mayi, bambo akunyumba sakukhazikika. Masamba aja alipo otsala?" Kumbuyo kwawo kuli enanso, aliyense akuyang'ana mbali yake ngati sakudziwana. Ndikuwauza kuti ndi mpungabwi wamba, akathyole okha. Akuseka: "Tikudziwa, simungaulule."

Dzuwa likupendeka wabwera Esinati mwini wake. Waima pakhomo, chala cha phazi chikukumba pansi. "Achemwali, si za bala ayi. Ndi za bambo a ana."

Ndamuyang'ana mpaka watsokomola. Kenako ndatsitsa kamtondo. Matambula akhale m'katoni momwemo. Mpungabwi sufuna magetsi.