Pulasitala wa a Gwedeza Wodikira Mvula

Mwambi wa mvula uja, umene inu achinyamata mumangoutchula osadziwa kwawo, unayamba motere. Khalani pa njerwazo mumve, mchengawo suthawa.

Ku Mitundu kunali bambo wina, a Gwedeza, munthu wabwino ndithu koma wokonda zonyezimira. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha n'kufolera malata, kunja kokha ndiko kunatsala kopanda pulasitala. Tsono mwana wawo Lonjezo anapeza mwamuna wa ku Zomba, ndipo chinkhoswe chinaikidwa kumapeto kwa Novembala, pakhomo pomwepo. A Gwedeza anali atauza kale akuchimuna kuti, "Kwathu simungasochere, mudzangoona nyumba yosalala ngati ya m'tauni." Atalankhula choncho, khomalo linayenera kusalala basi.

Kunabwera amisiri awiri. Woyamba anali a Mkwezalamba, mkulu waimvi, mpeni wawo womangira utaperepeseka ndi ntchito.

"Musakhulupirire pakamwa panga," iwo anatero. "Pitani kuseri kwa chigayo mukaone nyumba imene ndinapaka zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mukaigogode, mukafunsenso eni ake."

A Gwedeza anakwinya nkhope. "Ine ndiyende mtunda wonsewo kukagogoda khoma la eni? Mmisiri wanji wotuma bwana wake?"

Wachiwiri anali Wisikesi. Ameneyu anafika atavala ovolosi yatsopano ndi chipewa cholimba chachikasu, m'manja muli levulo yaitali, ija timayezera ngati khoma lawongoka. Anaiika pakhoma, anaiika pachitseko, anaiika pamsana pa mbuzi, pomaliza anaiika pamimba pa a Gwedeza.

"Bwana," anatero akupukusa mutu, "pakhomo pano chowongoka ndinu nokha."

Ntchito inapezeka pomwepo.

Akazi awo, a Nasibeko, anawakokera pambali. "Bambo a Lonjezo, mwafunsako kumene munthuyu anagwirapo ntchito?"

"Chipewacho simukuchiona? Mukuyesa amangopatsa aliyense?"

Tsiku loyamba Wisikesi ananunkhiza matumba a simenti onse asanu ndi limodzi amene a Gwedeza anagula, nati ayenera kukayezedwa kaye ku ofesi. Pamenepa mpamene ine zimandipsetsa mtima mpaka lero: a Gwedeza anamuthandiza okha kumanga matumbawo panjinga, awiriawiri, ndi chingwe chawo chomwe. M'mawa mwake kunafika ngolo yodzaza ndi zinthu zotuwa, zimene Wisikesi anati ndi simenti ija itayezedwa.

A Nasibeko anatapako pang'ono n'kufikisa pachikhatho. "Ine ndinayamba kuzira m'nyumba ndili kamtsikana. Uwu ndi mtsiro wa kudambo, angothiramo phulusa."

"Mayi," anatero Wisikesi, "zakukhitchini musazibweretse ku uinjiniya."

A Gwedeza anaseka mpaka kutsokomola.

Kunena zoona, mnyamatayo dzanja anali nalo. Patatha masiku anayi khoma linasalala moti apanjinga ankatsika kuti alione bwino. A Mkwezalamba podutsa anangofunsa kuti, "Mukuthirira koma? Pulasitala amafuna madzi m'mawa ndi madzulo, sabata yathunthu."

A Gwedeza anathamangira ndowa. Wisikesi atawaona analumpha wilibala n'kuwagwira mkono.

"Bwana, mukufuna kupha khoma? Uyu ndi pulasitala wamakono, samwa madzi apamjigo. Amadikira mvula yoyamba. Ikangomugwera amalimba ngati mwala n'kuyamba kuwala, alendo anu adzadzionera nkhope pakhomapa."

Atatero ananyamuka kupita kumaliro a azakhali ake, amene pambuyo pake tinamva kuti aka kanali kachinayi kumwalira.

Kuyambira tsiku limenelo a Gwedeza anasanduka mlimi woposa alimi onse. Ankadzuka n'kuyang'ana kumwamba mpaka khosi kuuma. Kutchalitchi akapatsidwa pemphero lotsekera, odwala ankaiwalika, linkangokhala la mvula. Atakumbukira kuti mvula imakonda kubwera akazi awo akayanika ufa, anatulutsa ufa wonse wa chinkhoswe n'kuuyanika pabwalo. Mvula sinabwere, zinabwera nkhuku.

"Bambo inu," anatero a Nasibeko akuwola ufa wotsalawo, "mvula mukuiitanayi mudzaikwanitsa?"

"Ibwere! Ingobwera chinkhoswe chisanafike, anthu a ku Zomba aone."

Tsiku la chinkhoswe linafika kumwamba kuli mbee, a Gwedeza mtima uli zii. Alendo anakhala pabwalo, amayi atatchena zitenje zofanana, nkhoswe yaikulu yakuchimuna, a Likaka, itavala suti yoyera. Mwambo uli pakati, mphepo inatembenuka, mtambo wakuda unatulukira cha ku Dzalanyama, ndipo mvula inakhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo.

Anthu onse anathawira kukhoma, poti malata anatulukira pang'ono chabe ndipo pobisala panali pomwepo. A Gwedeza okha anatsala pabwalo akuvina, manja m'mwamba.

"Yafika! Tsamirani ndithu alendo, musaope! Likulimba limenelo, muona!"

Alendo anatsamiradi mwaulemu. Mphepo inkawomba mvula ija molunjika pakhoma. Poyamba kunatsika timizere takuda. Kenaka chibuma chinagwera m'chipewa cha mayi wina kuti thapwa! Kenaka khoma lonse linayamba kutsetsereka pang'onopang'ono ngati phala lotayikira pamphika, njerwa n'kumaonekera imodziimodzi. A Likaka poti asunthe, pulasitala wa pamene anatsamirapo anachoka nawo limodzi kumsana, iwo n'kumayenda pabwalo ngati kamba.

A Gwedeza anatembenuka akuvinabe, mwendo umodzi uli m'mwamba, ndipo unatsala m'mwamba momwemo. Manyazi anawagwira, ndipo ine ndinawamvera chisoni ngakhale nthiti zinkandiwawa ndi kuseka.

A Likaka anapukuta kumaso n'kufunsa mwaulemu wonse, "Pepani achimwene, nyumba yosalala munkanena ija ndi iti? Mwina tasochera."

Za ukwati musade nkhawa, unachitika, poti mkamwiniyo anaseka kuposa tonse. Khomalo anadzalipakanso a Mkwezalamba, koma a Gwedeza anayamba apita kaye kuseri kwa chigayo kukagogoda nyumba ija. Chimene chinatsala m'makutu mwa anthu ndi cha pabwalo paja. A Gwedeza, matope ali m'maondo, anayang'ana kumwamba n'kuyamba kudandaula.

"Mvula iwe, ndinakulakwira chiyani ine?"

A Nasibeko anawapatsa khasu m'manja kuti akokolole pakhomo alendo apeze podutsa, nati, "Mvula musainamizire, bambo, mwaiitana nokha mwezi wathunthu. Walira mvula walira matope."