Nimgir, Wolankhula ndi Manja a Buddha

Kuno ku Kalmykia simukanapeza munthu woumira mawu ngati malemu a Nimgir a m'mudzi mwathu. Iwo ankalankhula ndi manja a Buddha basi. Akakweza chikhatho, ndiye kuti "usaope." Akachitambasulira pansi, "tenga, ndakupatsa." Zala zikakhudza dothi, "nthaka ndi mboni yanga." Anawaphunzitsa ndi bambo awo, mmonke wakale, ku Siberia komwe boma lachikomyunizimu linatithamangitsira, nthawi yomwe pemphero lapakamwa linkamangitsa munthu.

Tsiku lina nkhosa yamphongo inawathamangira. Iwo nji, chikhatho m'mwamba. Inawagunda, khu!

"Sinapite kusukulu," anatero akudzisansa fumbi.

Akabwera akudzandira, akazi awo a Bulgun ankafunsa, "Mwamwanso?" Iwo n'kungokhudza pansi.

"Nthakayo isiyeni, bambo inu! Chikununkha ndi pakamwa panupo."

Chikomyunizimu chitatha tinamanga kachisi, woyamba patatha zaka makumi asanu ndi limodzi. Ntchito youmba chiboliboli cha Buddha tinapatsa Mergen, yemwe moyo wake wonse ankaumba atsogoleri a chipani. Atachotsa nsalu, kalanga ine! Buddha watambasula mkono kutsogolo, chala chikuloza kutali.

Apo ndiye a Nimgir anamasula pakamwa. "Iwe Mergen, akuimitsa basi kapena?"

"Agogo, manja onse ndimaumba chonchi."

"Mmonke akubwera Loweruka. Ichi sangadalitse, ndipo kachisiyu asanduka khola."

A Nimgir anakhala pansi pomwepo, n'kupinda miyendo, dzanja lamanzere pamiyendopo, lamanja likukhudza dothi.

"Umba ichi. Sindidzuka."

Masiku awiri athunthu anali phee, tiyi wamchere akuchita kumwetsedwa ndi a Bulgun, uku akulalatiridwa. Mergen anaphwanya mkono uja n'kuumba wina akuonera dzanja la a Nimgir, thukuta lili kamukamu.

Loweruka mmonke anafika, n'kuliyang'anitsitsa dzanjalo, kenako anagwada mpaka chipumi pansi. Ine ndinalira poyera, osachita manyazi. A Nimgir sabata yonseyo ankayenda ngati agula mudzi.

Anatisiya chaka chatha. Mudzi uli zii, anthu akungolongolola ndi pakamwa, ndipo zimandipweteka. Koma titabwera kumaliro, wina anazindikira kuti kachala komaliza ka Buddha wathu n'kopindika. Mergen anakopera ndendende kachala ka nkhalamba ija, komwe kanathyoka kalekale.

A Bulgun amapita kukachisi m'mawa uliwonse. Nditawayamikira kuti akupemphera kwambiri, anandiyang'ana cham'mbali.

"Kupemphera? Inu gwadirani Buddha wanuyo. Ine ndimadzagwira dzanja la mwamuna wanga."