Nkhata ya Nyenyezi ya a Tembo

Lolemba
A Tembo, amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Woodlands, akusamukira kwa mwana wawo ku Chipata Lamulungu. Maso akuwathera. Akuti chimene amachisowa kwambiri ndi mlalang'amba wina wakumpoto, nyenyezi zopotana ngati nkhata. Ndiwajambulira apite nawo! Andipatsa kamera yawo yakale ndi malamulo:
- loza pamwamba pa mtengo wa mango
- dina, usachotse chala, werenga mpaka 200
- usapume mwamphamvu

Lachiwiri
Getsi la pampanda wa aneba likuwala ngati masana. Nyenyezi zinayi basi. Kukawapempha azimitse? Ine? Ndafika pageti lawo, ndabwerera.

Lachitatu
Magetsi athima Woodlands yonse! Anthu akudandaula, ine ndikuthokoza Mulungu chamumtima. Kumwamba kwadzaza. Uko, kakuoneka kautsi kakang'ono. Mwina kumeneko kulinso mtsikana wotsuka mbale, akuyang'ana kuno, naye akuchita manyazi kukweza dzanja. Ndaiwala kuwerenga. Udzudzu wandiluma, kamera yagwedezeka.

Lachinayi
Kamera ili pa thebulo lositira, yotsamira njerwa. Kuwerenga ndafika pa 90, mlonda wa aneba wandiunika ndi tochi: "Ba sisi, mujambula Mulungu?" Ndathawira m'khitchini.

Lachisanu
Wina akutentha zinyalala. Utsi wa pansi waphimba utsi wanga wa kumwamba. Ndikungodina. Filimu yatha.

Loweruka
Basi ya m'tauni, filimu m'chitenje. Njira yonse ndikuona nkhata yanga ili m'felemu pakhoma ku Chipata. Wotsuka zithunzi akuti: "Zinazo zonse zakuda bii, sisi, tataya. Sititsuka mdima ise." Ndimafuna kunena kuti nyenyezi zinali mumdimamo. Pakamwa panatuluka "zikomo". Chithunzi chatuluka chimodzi chokha: getsi la aneba, loyera mbuu, lopotana ngati nkhata chifukwa kamera inagwedezeka.

Lamulungu
Katundu ali m'galimoto. A Tembo akuti: "Mwanawe, chithunzi changa?" Ndawapatsa ndi manja awiri, maso pansi. Achiyandikiza mpaka chakhudza mphuno.
"Eya. Ndi womwewo. Koma wakula kuposa kale."
Achiika m'thumba la malaya, pamtima. Galimoto yanyamuka.
Getsi la aneba likupita ku Chipata. Liyende bwino.