Sabata Imene Modemu Inkayankha Foni ya ku Kawale

Lolemba, 15 Febuluwale 1999

Bwana Mlongoti alamula. Kabungwe kathu ka amayi osoka kayambe kulandira imelo pofika Lachisanu. Ikalowa, ntchito ndi yanga. Ikapanda kulowa, ndibwerera ku msika wa Chilinde kukayeza misomali pabenchi ya alamu anga. Ndayankha kuti Lachisanu n'kutali, mawa lomwe zitheka. Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Ofesi ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana. Zida zanga:
kompyuta imodzi, imene ndaikweza paudindo kukhala seva, yolandira ndi kutumiza makalata
modemu, kabokosi kolumikiza kompyutayo ku foni
buku lachingerezi losowa masamba apakati
tayi wobwereka

Kutumiza kukutheka kale. Ndadzilembera ndekha imelo. Yanyamuka bwinobwino, koma sinafike.

Lachiwiri, 16

Ndaimbira a kukampani ya intaneti. Akuti, "Makalata anu timasunga kuno, achimwene. Makina athu amaimba foni yanu kudzatula. Kwanuko pakhale choyankha basi."

Zophweka! Ndalemba dzina la seva, ndatsegula khomo nambala 25 lolowera makalata m'kompyutamo, ndalamula modemu kuti foni ikangolira kamodzi iziyankha yokha.

Pali kavuto kamodzi. Foni imeneyi ndi yokhayo mumzere wathu wonse. Nambala ya bwana ili ndi abale a aliyense, ku Dedza, ku Ntcheu, mpaka ku Joni. Ikalira, Mayi Mlongoti amaima pakhonde n'kukuwa dzina, mwini uthenga n'kubwera chothamanga thovu la sopo lili m'manja. Zoti tsopano woyankha ndi modemu bwana sindinawauze. Iwonso sanafunse.

Lachitatu, 17

Foni yangoti ngrii, modemu yakhwatula. Kwiiiii! Khrrrrr! Woimbayo ndikumumva pa kasipika, akuti "Halo? Halo?" kenako wathawa. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Amene yawalalatira lero:
bambo wina wofuna a Nambewe
mayi wina amene wayamba pemphero pomwepo
munthu wina wolimba mtima amene waibwezera mawu osalembeka

Mayi Mlongoti akudandaula: "Anthu akungoliza kamodzi n'kudula, ndi mwano wanji umenewu?" Ndavomereza kuti ulemu unatha m'dziko muno.

Imelo palibe.

Lachinayi, 18

Bambo mmodzi wachikulire waimba m'mawa wonse. "Halo, ndi ku Kawale? Ife kuno ku Ntcheu tima..." Kwiiiii! Dzanja langa lafika pafoni, ndalibweza. Ndikayamba kucheza ndi a ku Ntcheu, makina a kukampani apeza foni ili yotanganidwa, ine mawa ndili pa misomali. Adzaimbenso Loweruka, Ntcheu sithawa.

Masana ndaimbira a kukampani, andikalipira: "Tikaimba kwanuko bize, tikaimba bize. Mukucheza ndi ndani?" Ndi mkulu yemwe uja! Iye sakugonja, modemu nayo sikugonja.

Mtima ukundiluma pang'ono. Ndaupatsa chimanga chootcha, wakhala chete.

Lachisanu, 19

YALOWA! Imelo yeniyeni, yochokera ku kampani, ya mawu amodzi: "Kuyesa." Bwana aiwerenga ataimirira, andigwira chanza, aitana mayi kuti adzaone. Andigulira fanta. Ndikumwa mwapang'onopang'ono kuti odutsa aone.

Botolo lisanathe, kulira kwabuka kutsidya kwa msewu, kwa Mayi Nangozo ogulitsa mandasi. Kwafika munthu pa basi kuchokera ku Ntcheu. Apongozi a mayiwa anamwalira Lachitatu, aikidwa lero m'mawa. Amuna awo ali ku Joni, woimira banja anali iwowa. Kumudzi akuti mkamwana wanyoza maliro, ndipo waika chinthu chokuwa pafoni kuti uthenga usamupeze.

Fantayo yandiwawira. Ndachita manyazi kwambiri.

Loweruka, 20

Mzere wonse uli pakhonde pa bwana. Aliyense ali ndi wake amene anakuwiridwa. A Nambewe akuti amuna awo akuganiza kuti m'nyumba mwalowa mwamuna wina wa chifuwa.

Ndayesa kufotokoza za khomo nambala 25. Mayi Mlongoti akuti, "Khomo la nyumba ino ndi limodzi, ndipo mulionera kunja."

Bwana azula modemu ndi manja awo. Chigamulo: mawa ndiperekeze Mayi Nangozo kumudzi kukapepesa maliro, modemu ndinyamule ngati mboni. Akumudzi akawamvetsa mayiwa, mpando wanga ndiupeza. Akakana, misomali.

Mayi Nangozo sanandilalatire. Angoti, "Mwanawe, ukavale bwino." Bola akanandilalatira.

Lamulungu, 21

Ku Ntcheu. Basi yatisiya pamsewu, kwinako wapansi, modemu ili mu jumbo. Pasiwa anthu akadali ambiri. Tapepesa, takhala pansi. Amene ankaimba uja ndi a Nyoni, mlongo wa malemu. Anayenda wapansi mpaka ku positi, kuima pafoni m'mawa wonse ndi miyendo yotupa.

Ndaika modemu pamphasa. A Nyoni aiyang'ana nthawi yaitali.

"Kameneka? Kalire timve."

Magetsi kuno kulibe. Ndafotokoza kuti popanda magetsi sikalira. Akuti ndiye mboni yake ndi iti, yosalankhula? Mayi Nangozo andiyang'ana, maso ali psuu. Ndagwada, ndatsokomola, ndakoka mpweya.

Kwiiiii! Khrrrrr!

A Nyoni apukusa mutu. "Iyayi. Chinkayambira pamwamba, kenako chimakhala ngati chikutsamwa." Ndabwereza. Andikonza. Ndabwerezanso, mpaka agwedeza mutu: "Eya, ndi chomwecho. Mkamwanayu alibe mlandu." Amayi abisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Mayi Nangozo awalowetsa m'nyumba kukalira ndi anzawo.

Ntchito ndiye ndaipulumutsa. Mawu atha, kukhosi kukuyaka. Ndimati ndikwere basi ya masana, koma a Nyoni akuti ndigone konkuno. Achibale a ku Biriwiri afika mawa, nawonso anakwiya, ndipo ayenera kumva okha.