Nkhondo ya Beseni la Mandasi

Tonthola, iwe mwera wa ku Nkhotakota, ndipo inu asodzi ikani pansi nkhafi zanu, pakuti tikukumbuka zaka zija nyali itangogonjetsa tambala wakuda, pamene pakamwa pa anthu panamasuka, ndipo aliyense wokhala ndi nsalu ya chipani ndi kholingo lalikulu anayamba kudzitcha womenyera ufulu, ngakhale uja amene masiku oopsa ankanjenjemera akangomva kulira kwa galimoto. M'zaka zimenezo ku Mwadzama kunadzuka ngwazi, Swaibu mwana wa Chande, Mkango wa Padooko, Chiphaliwali Chong'amba Misonkhano, mtsogoleri wa nthambi ya chipani, Iye Wosakhala Pansi.

Pakuti zoonadi Swaibu sankakhala pansi. Pamsonkhano ankaima, pamaliro ankaima, m'matola ankaima atagwira chitsulo, ndipo omutsatira ankati, "Onani mwamuna! Sadzakhala mpaka dziko litawongoka!" Koma dziko silinkalowamo m'nkhaniyi. Kondowole ndi usipa wouma, chaka ndi chaka popanda tsamba, zinamumanga m'mimba, ndipo kuchima kwa kuchimbudzi kunam'balira mdani kumbuyo: chotupa chonga nzama pakhomo penipeni potulukira chimbudzi, nthenda ija anthu amaitcha mudzi. Mkangowo unkaopa mpando kuposa apolisi. Koma koposa zonse unkaopa kuti anthu angadziwe, chifukwa mtsogoleri amapulumuka akatukwanidwa, koma akasekedwa ndiye kuti zake zada.

Ululu utafika posauzana, ngwaziyo inalambalala chipatala chapafupi n'kukatulukira cha ku Nkhunga, kumene nkhope yake sinkadziwika. Kumeneko dokotala wotopa, a Maganizo, amene anali asanamvepo za Mkango uliwonse, anangoti, "Vulani, gonani cham'mbali." Anavala magolovesi, anayang'ana, anakhudza, Chiphaliwali n'kulira ngati mbuzi.

"Ndi mudzi wakunja uwu, bambo. Si ufiti, ndipo mpeni sukufunika. Muzikhala m'beseni la madzi ofunda m'mawa, masana ndi madzulo. Muzipaka mafuta awa. Idyani chigwada ndi mapapaya, imwani madzi ambiri, ndipo kuchimbudzi musamachime ngati mukukoka khoka. Magazi akachuluka mubwerenso."

Beseni! Mawu aang'ono, koma mafumu agwa ndi zocheperapo. Sitolo yokhayo ya mabeseni inali ya Yakubu, wa chipani china, munthu amene mwamuna akagula chiwiya cha amayi ankafunsa kuti n'cha chiyani, mawa lake yankho lili pagombe ponse. Kunyumba kunali beseni limodzi lokha, loyera, la mkombero wobiriwira, limene mkazi wake Rahila ankakandiramo mandasi otchuka kuyambira kumsika mpaka kumzikiti. Tsono Rahila akangosenza dengu kupita kumsika, mkulu wa nkhondoyo ankafunditsa madzi, kulowa nalo kubafa, n'kutsikiramo mwaulemu ngati bakha.

Tsiku lina mvula inabalalitsa msika, Rahila n'kubwerako msanga. Atasowa beseni lake, anakankha mphasa yotchinga bafa.

"Asitaghafirula! Bambo a Faruku! Beseni langa la mandasi!"

Swaibu anakweza dzanja ali m'madzi momwemo. "Bwerera, mkazi! Amene waima pamaso pakoyu ndi uja ananjenjemeretsa boma!"

"Mwaima pati? Si mwakhala apa? Ndiye kusakhala pansi kuja n'kumeneku?"

"Kodi ine, amene ndinamenyera ufulu wa fuko lonse, ndilibe ufulu pa beseni la m'nyumba mwanga? Ndimalitsuka ndi sopo!"

"Sopo! Najisi imeneyi, uve woterewu, sopo? Ashehe adya mandasi amenewa! Ana a kumadrasa adya! Mwandipha ine, bambo inu, mwandiphera geni!"

Pamenepo nkhondo inabuka, yoti ana a ana athu adzaimva ndi manyazi. Rahila anatsekera beseni m'bokosi. Swaibu analanda chiwaya chokazingira mandasi n'kuchiponya padenga. Rahila anatenga nsalu ya chipani n'kuipota nkhata. Swaibu analengeza kuti sadyanso za m'manja mwa mdani, ndipo anapirira mwaungwazi mpaka fungo la chambo litatuluka m'khitchini. Aliyense anali ndi mkondo woti sangauponye. Rahila akanaulula, palibe akanagulanso ndasi lake. Swaibu akanadandaula, Mkango ukanasanduka nyimbo ya pamtondo. Choncho ankamenyana ndi zitseko ndi tsinya, oyandikana nawo n'kumangomva mabingu osaona mvula.

Potsiriza anabwera ankhoswe: a Kalilu, malume ake a Rahila, ndi a Zaidi, mkulu wake wa Swaibu. Atafunsidwa gwero la mlandu, Swaibu, ali chiimire, analankhula za malamulo atsopano, za magazi a makolo, za mdima umene unatha ndi kuwala kumene kunadza, mpaka nkhuku za pakhomopo zinatopa n'kuchoka.

"Nanga iwe mwana wanga?" anafunsa a Kalilu.

"Beseni langa laipitsidwa, amalume. Zotsalazo afunseni eni akewo."

Apa dzina lonse la Swaibu linali pa lilime la nkhalambayo. Koma a Kalilu sanafunse. Anangogamula kuti mwamuna akagule beseni latsopano kwa Yakubu ndi miyendo yake, ndipo lakalelo likhale lake, "pa ntchito za chipani."

Mtendere unakondwereredwa mwaulemerero. Chiwaya chinatsika padenga, nsalu inamasulidwa, beseni latsopano linafika likuwala, Yakubu atauzidwa kuti ndi mphatso ya chikondi. Rahila anakazinga mandasi, anathira tiyi, anayala mphasa pansi pa mango. Amuna atatu aja anamwa tiyi wawo chiimire. Swaibu mtima unali m'malo: anali atapambana, chinsinsi chili chosungika.

Ndipo a Kalilu anamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Akamwini, ife tinadziwa tsiku lomwe munayamba kuima m'matola. Wa mudzi timamudziwa ndi kaimidwe. Gombe la kondowole lino, amakuomberani m'manja aja theka lawo ndi anzanu."

Mkango unafunsa monong'ona. "Nanga bwanji osanena, amalume?"

"Timadikira tione kuti muchira ndi chiyani. Tsono tandiuzani, madziwo azifunda bwanji? Ndipo beseni lakalelo mukathana nalo..."

Kuseri kwina kwa nkhokweyo kunamveka kutsokomola, a Zaidi n'kusuzumira, kapu ili m'manja.

"Pepani a Kalilu, pamzere. Ine ndine m'bale wake wamagazi, ndiyamba ndine."